Chipewa Chomwe Ndinapita Nacho ku Rosslyn

Ndinafika ku Pretoria nditangomaliza digiri ya udokotala wa zamakompyuta, ndili ndi sutukesi imodzi ndi kalata yondilemba ntchito ya kafukufuku kwa zaka ziwiri. Kwathu ku Ntcheu anthu ankati ndapata. Mayi anga ankauza aliyense ku tchalitchi kuti mwana wawo wamkazi ndi dokotala ku Joni, ndipo ena anayamba kunditumizira zithunzi za zilonda zawo pa foni kuti ndiwauze mankhwala. Ndinatopa ndi kufotokoza kuti udokotala wanga si wa jekeseni.

Ndinapeza kachipinda kakumbuyo kwa nyumba ina ku Capital Park. Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinamangiriridwa pa kontirakiti ya ntchitoyo. Kontirakiti ikatha osawonjezeredwa, pemiti nayo imatha, munthu n'kulongedza. Aliyense wa ife ochokera kunja mu labu ya ku yunivesite momwe ndinkagwira ntchito ankadziwa mwezi womwe pepala lake likutha kuposa mmene ankadziwira tsiku lake lobadwa.

Ntchito yathu inali ya chipewa china chokhala ndi magalasi. Munthu akachivala saonanso chipinda chomwe alimo, amaona malo ena opangidwa ndi kompyuta. Akatembenuka, malowo amatembenuka naye. M'manja amagwira timitengo tiwiri tapulasitiki, ndipo akasuntha dzanja amaliona likusuntha m'kati momwemo. Pulofesa yemwe ankatitsogolera, bambo wamtali wofatsa yemwe sankakweza mawu, anali atagwirizana ndi fakitale ina ya mipando ya galimoto ku Rosslyn. Fakitaleyo inkayembekezera makina atsopano, ndipo inkafuna kuti antchito aphunzire laini yatsopano yolumikizira mipandoyo m'chipewamo makinawo asanafike. Ine ndi amene ndinamanga lainiyo mu kompyuta, bawuti ndi bawuti, kwa miyezi isanu ndi itatu. Ndinkainyadira. Ngakhale phokoso la sipanala yoyendera mpweya ndinakalijambula ndekha ku fakitaleko.

Chinatsala chinali kuyesa chipewacho pa anthu enieni. Kafukufuku wopanda anthu safalitsidwa, ndipo wofufuza wosafalitsa pepala sawonjezeredwa kontirakiti.

Anandipatsa kachipinda pafupi ndi kantini ya fakitaleyo. Ndinaika tebulo, kompyuta, chipewa ndi mulu wa mafomu ovomereza. Fomuyo inkanena momveka kuti palibe wokakamizidwa, kuti mayina sadzalembedwa, kuti munthu aliyense adzangodziwika ndi nambala. Sabata yoyamba yonse palibe analowa. Ankadutsa pakhomo atanyamula mabokosi awo a chakudya, n'kusuzumira, n'kupitirira. Mayi wina anaima n'kundifunsa m'Chingerezi ngati ndine wa kwa abwana. Nditati ayi, ndine wa ku yunivesite, anangoseka n'kumapita.

Lolemba la sabata yachiwiri ndinali panja pa kachipindako ndikulankhula pa foni ndi mayi anga. Ankadandaula za mbuzi za anansi zomwe zinalowa m'dimba. Nditadula foni ndinaona bambo wina wachikulire ataima chapatali pang'ono, atavala ovolosi yabuluu, magalasi okhuthala ali pamphuno, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Sawubona," anandilonjera mwa kumeneko. Kenako pang'onopang'ono, ngati munthu woponda pa miyala ya mumtsinje: "Muli bwanji, mwana wanga? Ndinu a kwathu?"

Ndinagwada pang'ono osaganiza n'komwe, monga ndinaleredwera. "Ndili bwino, Abambo, kaya inu?"

Anaseka mpaka tiyi anatayikira. Anandiuza kuti bambo awo anachoka ku Ntchisi ali mnyamata kubwera ku migodi, n'kutchona. Iwo anabadwira ku Joni konko, ku Malawi sanapondeko. Chichewa chawo anachiphunzira pa bondo la bambo awowo, ndipo chinali chakale, cha mawu omwe ine ndinawamva komaliza kwa agogo anga. Mawu akawasowa ankatolapo a Chisepedi n'kupitiriza. Chimwalirireni bambo awo, anati, ankangochilankhula ku tchalitchi kamodzikamodzi ndi anyamata a m'magadeni ochokera kumudzi. Pa fakitalepo anali atagwirapo zaka zoposa makumi awiri, akumanga mabawuti a pansi pa mipando.

Masiku atatu otsatira ankabwera nthawi ya nkhomaliro kudzangocheza. Ankafunsa za mvula, za mitengo ya masuku, ngati n'zoona kuti ku Ntchisi kuli nkhalango ya pa phiri yomwe bambo awo ankaitchula. Tsiku lachinayi anatenga fomu ija, anaikweza pafupi ndi magalasi, anaiwerenga yonse mpaka pansi.

"Anzangawa akuopa," anatero. "Akuti chinthuchi chikufuna kuona amene watha mphamvu. Inu ndiuzeni m'chinenero chathu, osati cha papepalachi. Kodi zimenezi sizidzatipweteka?"

"Sizidzakupwetekani, Abambo. Tikuyesa chipewachi, osati anthu. Abwana sadzaona dzina la munthu aliyense."

"Mukunena inuyo?"

"Ndikunena ineyo."

Ndinkakhulupirira zomwe ndinkanenazo. Anasaina. Mawa lake anabwera ndi amuna anayi ndi amayi awiri a pa shifiti yawo. Ndinawamva pakhomo akuwauza m'Chisepedi, ndipo ngakhale sindinkachimva bwino, ndinagwira mawu oti mwana wa kwathu. Pomatha mwezi pafupifupi shifiti yonse inali itadutsa m'kachipinda kanga.

Achinyamata chipewacho chinkawasangalatsa. Ankalowamo ngati masewera a pa foni, n'kutuluka akuseka, akuti eish, ayambirenso. Achikulire chinkawavuta. Abambo aja chinawazunza kuposa onse. Magalasi awo sankakwana bwino m'kati mwake, choncho ankaona zinthu ziwiriziwiri. Timitengo tija tinalibe kulemera kwa sipanala yeniyeni, ndiye dzanja lawo linkapitirira bawuti. Pakatha mphindi zochepa ankayamba thukuta ndi chizungulire. Tsiku lina anavula chipewacho mofulumira n'kusanza m'ndowa ya zinyalala. Anapepesa kangapo, manyazi atawagwira, ndipo anakana kuti nditsuke ndowayo ine.

Ndinawauza kuti akhoza kusiya. Anakana. Anati iwo ndi amene anabweretsa anzawo, sangakhale oyamba kuthawa.

Madzulo ena ndinapempha chilolezo cholowa m'fakitale kukawaona pa laini yeniyeni. Ndinaima kuseri kwa mzere wachikasu, zotseka m'makutu zili m'malo. Mpando unkafika, iwo osauyang'ana n'komwe, manja akupeza okha mabawuti anayi, mpando n'kudutsa, wina n'kufika. Mnyamata wa pa malo otsatira ndi amene ankatsalira. Ndinabwerera ku kompyuta yanga n'kuyang'ana nambala yawo. Malinga ndi chipewa changa, munthu ameneyu anali wochedwa kuposa onse pa shifitiyo, ndiponso wolakwitsa kwambiri.

Zimenezi ndinazilemba mu lipoti langa. Ndinanena kuti chipewacho chimanamizira anthu ovala magalasi ndi anthu omwe manja awo anazolowera chitsulo chenicheni, kuti nthawi ya m'chipewa si nthawi ya pa laini. Ndime imeneyo inali pa tsamba lachisanu ndi chinayi.

Lamlungu lina Abambo aja anandiitanira kunyumba kwawo ku lokeshoni ya kumpoto kwa Rosslyn. Ndinakwera matakisi awiri. Nyumba yawo inali ya zipinda zinayi, ya mpanda wa waya, pakhomo pali mtengo wa mapichesi. Akazi awo, mayi wa Chipedi wonenepa bwino, anandikumbatira ngati anandidziwa kale. Abambo anatulutsa bokosi lachitsulo la bambo awo. Munali chiphaso cha ku mgodi chong'ambika, buku la nyimbo za Mulungu la Chichewa lopanda chikuto, ndi chithunzi cha anyamata atatu atavala zipewa zakale. Anandipempha kuti ndiwawerengere nyimbo imodzi kuti amve mmene mawuwo amatchulidwira. Ndinawerenga, iwo akutsatira ndi milomo. Anandiuza kuti kwatsala zaka zinayi kuti apume pa ntchito, ndipo akapuma akufuna kukwera basi kukaona Ntchisi, ngakhale sakudziwa ngati kuli wachibale wotsala. Ndinalonjeza kuti ndidzawaperekeza.

Patapita milungu ingapo pulofesa anandiitana mu ofesi mwake. Anati a fakitale alandira lipoti ndipo alikonda, koma akupempha tebulo la zotsatira za munthu aliyense payekha, osati zophatikiza. Mayina sakuwafuna. Akungofuna nambala, shifiti, malo ogwirira pa laini ndi gulu la zaka, kuti adziwe malo ofunika maphunziro owonjezera.

"Koma pa malo amodzi pa shifiti imodzi pamakhala munthu mmodzi," ndinatero. "Ndikalemba shifiti ndi malo, ndalemba dzina."

Pulofesa anavula magalasi n'kupukuta maso. Anati akumvetsa nkhawa yanga ndipo ndi nkhawa yabwino. Koma fomu inalonjeza kuti mayina sadzaperekedwa, ndipo mayina sakuperekedwa. A fakitale ndi amene akuthandiza labu yonse, ndipo gawo lachiwiri la kafukufuku likudikira iwo. Sanatchule za kontirakiti yanga. Panalibe chifukwa choitchulira. Inali itatsala ndi miyezi isanu, ndipo pepala loiwonjezera linkayenera kudutsa pa tebulo lomwelo.

"Ganizirani," anatero. "Mundiuze Lachisanu."

Ndakhala ndikufuna kunena kuti anandikakamiza. Sanandikakamize. Ndikanatha kuchotsa mzere wa malo ogwirira n'kunena kuti zinasokonekera. Ndikanatha kupita ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku tebulolo lisanatuluke. Ndinaganiza zonsezi masiku atatu, ndikuyenda kuchoka ku labu kupita ku Capital Park wapansi kuti mutu upepuke. Ndinaganizanso za kubwerera ku Ntcheu ndi sutukesi yomwe ija, kopanda labu, kopanda chipewa, kukakhala pakhonde ndi digiri. Ndinadziuza kuti mwina a fakitale akunena zoona. Lachisanu m'mawa ndinakonza tebulolo, pamwamba pake ndinalembanso chenjezo lija ndi zilembo zazikulu, n'kulitumiza ndi dzanja langa.

Kenako ntchito inachuluka. Ndinalemba pepala la kafukufukuyo, anthu owunika analibweza kawiri, ndinalikonza, linalandiridwa. Kontirakiti yanga inawonjezeredwa zaka zitatu. Abambo aja tinkalemberana pa foni mwa apo ndi apo. Ankanditumizira mavesi Lamlungu m'mawa, ine n'kuwayankha kuti ameni. Ku Rosslyn sindinapitekonso chifukwa gawo langa linali litatha.

Mavesi aja anasiya kubwera nyengo yozizira itayamba. Ndinazindikira patatha milungu itatu. Ndinalemba uthenga, sanayankhe. Ndinaimba, foni inangoitana. Mnzanga wina wa mu labu, yemwe ankapitabe ku fakitaleko kukakonza gawo lachiwiri, anandiuza tikumwa khofi kuti makina atsopano afika ndipo anthu ena awachepetsa. Anazinena ngati nkhani ya nyengo. Ndinamufunsa kuti ndi ati. Anati sakuwadziwa mayina, koma pa shifiti ya m'mawa nkhope zachikulire zambiri sakuzionanso.

Loweruka ndinakwera matakisi awiri aja. Ndinapeza akazi a Abambo aja akuyanika zovala. Anandiyang'ana, anayankha moni wanga mwachidule, n'kuloza kuseri kwa nyumba. Abambo anali atakhala pa kreti, akukonza wilibala. Anali ataonda. Anaimirira, anandipatsa kretiyo, iwo n'kukhala pa njerwa.

Tinafunsana za moyo monga mwa mwambo. Kenako ndinati, "Ndamva za ku ntchito, Abambo."

"Ee. Zinatero."

"Anakuuzani chifukwa chake?"

"Anati laini yatsopano ikufuna anthu ophunzira msanga. Anati anaona kuti ena zikutivuta." Anatembenuza sipanala m'manja. "Laini yatsopanoyo ine sindinaigwirepo ngakhale tsiku limodzi. Ndiye anaona kuti?"

Ndinawauza zonse. Za tebulo, za shifiti ndi malo, za Lachisanu lija. Sindinabise kuti ndinatumiza ndine. Ndinawauzanso za chenjezo lomwe ndinalemba pamwamba, ndipo ndili m'kati molankhula ndinamva ndekha mmene zinkamvekera zopepuka.

Kwa anansi wailesi inkaimba nyimbo za kwaya.

"Ndinkadziwa," anatero. "Ndimangofuna ndimve ngati mudzanena." Anaika sipanala pansi. "Za ine musadandaule kwambiri, mwana wanga. Ine ndinawerenga pepala lija, ndinasaina ndekha, ndine wamkulu. Mwina akanandichotsabe, ukalamba suoneka ndi chipewa chokha. Koma anzanga aja sanawerenge. Anasaina chifukwa ine ndinati uyu ndi wa kwathu, wandiuza m'chinenero cha bambo anga. Pa asanu ndi mmodzi oyamba aja, anayi ali pakhomo ngati ine. Mmodzi timapemphera limodzi. Akandiona amasamukira benchi ina."

"Ndipite ndikawauze kuti wolakwa ndine."

"Mukawauza adya chiyani?"

Ndinati ndikalemba kalata ku yunivesite, ndikayesa njira iliyonse. Anagwedeza mutu ngati munthu womvera mwana akunena zomwe adzachite akadzakula. Akazi awo sanabweretse tiyi. Pochoka anandiperekeza mpaka pa geti, poti mlendo satuluka yekha, koma sanapitirire mpaka pa msewu wa matakisi monga anachitira ulendo woyamba.

Kalata ndinalembadi. Komiti inandiitana, anthu asanu kuzungulira tebulo, onse aulemu. Anandifunsa ngati pali dzina lomwe linaperekedwa. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati ndili ndi umboni woti fakitale inagwiritsa ntchito tebulolo posankha anthu. Ndinalibe. A fakitale anali atayankha kale kuti anatsata malamulo a ntchito ndipo anayang'ana zinthu zambiri. Mwina n'zoona. Mpaka lero sindidziwa kuti tebulo langa linalemera bwanji pa chisankhocho, ndipo palibe adzandiuze. Komiti inathokoza chifukwa cha mtima wanga ndipo inalonjeza kukonza mawu a mafomu a m'tsogolo. Pulofesa sanakwiye. Anangosiya kundiitana ku misonkhano ya gawo lachiwiri, n'kundisamutsira ku ntchito ina ya chipewa chophunzitsira anamwino.

Pepala lija ndi lomwe limatchulidwa kwambiri pa mapepala anga onse. Linandipititsa ku misonkhano iwiri ya kunja. Pa msonkhano umodzi ndinaima kutsogolo kwa anthu ovala masuti n'kuonetsa chithunzi cha mizere, pomwe kadontho kamodzi kanali kutali ndi tinzake, pansi kudzanja lamanja. Munthu wina anafunsa ngati kadonthoko sikanali kolakwika koyenera kuchotsedwa. Ndinayankha kuti ayi, ndi munthu weniweni, ndipo pa laini yeniyeni anali wachangu kuposa onse. Wofunsayo anati n'zochititsa chidwi, n'kulemba kenakake m'kabuku kake.

Abambo aja ndinakumana nawonso kamodzi kokha, patatha chaka ndi miyezi. Ndinali ku Arcadia kukatenga mapepala ena ku ofesi ya boma. Ndikuyenda kupita kokwerera takisi, ndinaona mlonda atakhala pa mpando wapulasitiki pa geti ya mafulati, atavala jekete lakuda lalikulu kuposa thupi lake, buku lolembamo alendo lili pamiyendo. Ndinawadziwira magalasi. Ndinaganiza zowoloka msewu, koma anali atandiona kale.

"Muli bwanji, Abambo?"

"Ndili bwino, Amayi, kaya inu?"

Sanatinso mwana wanga. Anandiuza kuti ntchitoyo anaipeza kudzera mwa mnyamata wina wa ku Dedza wogwira m'gadeni ya pamenepo. Amalowa sikisi m'mawa kutuluka sikisi madzulo, masiku asanu ndi limodzi. Mawondo akuwavuta chifukwa chokhala malo amodzi. Akazi awo anayamba kugulitsa magwinya, mandasi a kumeneko, pa siteshoni. Anafunsa ngati ntchito yanga ikuyenda, ndinati ikuyenda. Anafunsa za mayi anga, ndinati ali bwino. Ndinayamba kunena kuti ulendo wa ku Ntchisi uja ndikadali wokonzeka, koma galimoto inafika pa geti n'kuliza hutala. Anaimirira movutikira, anatsegula, analemba nambala yake m'buku, anatseka. Atabwerera pa mpando anandiuza mwaulemu kuti oyang'anira nyumbazo safuna kuti alonda azicheza pa geti.

Ndinatsanzika. Ndinayenda mpaka pa msewu waukulu, ndinakweza chala, takisi inaima. Masana omwewo ndinali ndi gulu la anamwino khumi ndi awiri ondidikira ku labu, ndipo ndinali nditachedwa kale.